Njereza ya a Matewere

Mgolo uja ndinayamba kuudziwa ndisanadziwane ndi mwini wake. Unali kuseri kwa nyumba yogundizana ndi yanga ku South B, mgolo wa mafuta wodula pakati, wovundikira ndi chibenthu cha lata, pamwamba atapsinjapo mwala. Ine mtima wanga suchedwa kuweruza, ndiye ndinangoti basi, andipatsa neba wotcheza kachasu. Munali mu 1981, nditangofika kumene mu Nairobi kudzagwira ntchito yotayipa ku bungwe lina la mayiko ambiri. Ku ofesi ndinkalankhula Chingerezi, pa duka Chiswahili chothyokathyoka, ndikafika kunyumba ndinkangokhala duu, wailesi yokha ikulankhula. Dzina langa ndine Bessie, koma miyezi imeneyo panalibe wolitchula mmene amalitchulira kwathu ku Mulanje.

Loweruka lina m'mawa ndikuyanika zovala, ndinamva mgolo uja ukubwata, nthunzi ili tolotolo, koma pansi pake moto panalibe. Pambali panaima bambo wamtali, wowonda, wa imvi m'mbali mwa mutu, atavala malaya oyera ndi nsapato za mphira zofika m'mawondo, akuvundula ndi mtengo. Dontho lina linathovuka n'kuwagwera padzanja.

"Mayo ine!" anatero.

Bulawuzi imene inali m'manja mwanga inagwera m'matope. Ndinathamangira pa mpanda.

"Pepani bambo, kodi ndinu a kwathu?"

Anatembenuka pang'onopang'ono, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Zaka zimenezo Mmalawi akakumana ndi Mmalawi mnzake kunja sankathamangira kukumbatirana, ankayamba wadzifunsa kuti ameneyu wamutuma ndani.

"Kwathu kwake kuti, mayi?"

"Ku Mulanje. Nanga mukuphikazo n'chiyani, popanda moto?"

Apo nkhope yawo inamasuka pang'ono.

"Ndi njereza iyi, achemwali. Kuno amati chokaa. Ine ndine Fraser Matewere, wa ku Balaka."

Kuyambira tsiku limenelo ndinapeza wolankhula naye, ngakhale kuti mawu a a Matewere anali ochita kukumba. Nkhani yawo ndinaitolera pang'onopang'ono pa mpanda pomwepo. Kumudzi anali mphunzitsi. Mu 1973 wina anakawanenera zoipa kwa akuluakulu, mnzawo n'kuwatsina khutu kuti asagone pakhomo, ndipo anatuluka m'dziko ndi kachikwama ka m'manja. Mkazi wawo Lenah anawatsatira patapita chaka. Mu Nairobi anapeza ntchito yokonza zolakwika m'mabuku asanasindikizidwe, ku bungwe lina la mipingo. Ana Mulungu sanawapatse. Mu 1978 Lenah anadwala n'kumwalira, ndipo maliro sanapite kumudzi, chifukwa kunalibe amene akanalimba mtima kukalandira bokosi lochokera kwa munthu wothawa. Anamuika ku manda a mzinda, pakati pa anthu amene sankadziwa ngakhale moni wa m'chinenero chake.

Amalawi mu Nairobi tinalipo ndithu, a m'mabungwe ndi ophunzira, ndipo tinkaitanizana kukabadwa mwana kapena pa Khirisimasi. Koma a Matewere panalibe wowaitana. Ena akawaona m'tauni ankayamba kusirira nsapato za pa windo la sitolo mpaka adutse. Mnzanga wina wa ku ofesi anandikokera pambali n'kundiuza kuti ndisamale, pasipoti ndi imodzi. Ndinamuyankha kuti mpanda wa waya ulibe chitseko choti ndingatseke. Pabalaza pawo panali mipando iwiri, chithunzi cha Lenah pakhoma, ndi makina ake osokera ofunditsa nsalu. Madzulo ndinkawamva kudzera pakhoma akutsuka mbale imodzi ndi kapu imodzi, ine kuno ndikutsukanso zanga zomwezo.

Chimene chinkawadya sichinali imfa yokhayo ayi. Munthu wina wapaulendo anawabweretsera mawu a apongozi awo a ku Zomba. Mayiwo akuti analira n'kunena kuti, "Fraser anatenga mwana wanga n'kukamutaya kutchire ngati galu." Mawu amenewo anangondiuza kamodzi, akuyang'ana mumgolo, koma ndinaona kuti amagona nawo n'kudzuka nawo. Kuyankha sakanatha. Kalata yochokera kwa iwo ikanaika banja lonse m'mavuto, chithunzi ndiye chikanaposa apo.

Koma njereza ankaidziwa ngati m'bale wawo. Ukawafunsa za iwo eni, mawu awiri atatu basi, koma ukalakwitsa n'kufunsa za mgolo, nyemba zako zipserera pamoto. Bambo awo anali wootcha njereza kumapiri a Chenkumbi. Akuti kumeneko kuli mwala wotuwira, wina wofewa moti ana ankalembera pa sileti. Ankaswa mwalawo, kuusanja m'ng'anjo mosinthanitsa ndi nkhuni za tsanya, n'kuyatsa moto wosazima mpaka mwala upse. Ukazizira umaoneka ngati womwe uja, koma wopepuka ndiponso waludzu. Ukauthira madzi umalusa, kubwata, kuphulika, mpaka kusungunuka. Ndiye umausiya pansi pa madzi miyezi, osauvuta, mpaka usalale ngati chambiko.

"Matchalitchi akale aja mumawaona kwathu, simenti mulibemo," ankatero. "Njereza ndi mchenga basi, ndipo mpaka lero ali chiimire. Kwathu nyumba ikayera, wodutsa amadziwa kuti pano akudikira mlendo, kaya ndi ukwati, kaya wina akubwera kuchokera ku Joni. Manda akayera, amadziwa kuti wagona apayu ali ndi abale."

Njereza ya m'matumba ya ku Industrial Area, ngakhale inali pafupi, ankainyoza kuti ndi ufa wakufa. Ankakwera basi mpaka kupitirira Athi River kukagula miyala yootcha kwa anthu a ng'anjo zing'onozing'ono, n'kubwera nayo m'chisaka, buluku lonse lili mbuu, makondakitala akuwakalipira.

Nditagula kagalimoto kanga, kokalamba, kooneka ngati kamba, ndinayamba kuwaperekeza kumanda. Kanali ndi vuto limodzi, hita yake inali yosatheka kuzimitsa, moti ngakhale dzuwa liswe mtengo miyendo inkachita kupsa. A Matewere ankapita chaka chilichonse mu Seputembala, nthawi imene kwathu anthu amalambula kumanda. Manda amenewo ndi aakulu ngati esiteti ya tiyi, mitumbira mizeremizere, ina yotitimira, mitanda yathabwa itadyedwa ndi chiswe. Munthu ukhoza kusochera ukufuna mayi ako okubala. Koma pa Lenah sipankasowa. Anazunguliza mtumbirawo ndi miyala yosema, kumutu n'kuimika umodzi waukulu umene anagobapo dzina ndi msomali, ndipo zonsezo zinkayera mbee, kuonekera uli pa geti. Okumba manda ankawatcha Mzee wa Chokaa, kunena kuti mkulu wa njereza.

Ntchitoyo inali ndi mwambo wake. Ankayamba apala yakale yonse ndi burashi ya waya mpaka mwala utsale wokhawokha, poti akuti yatsopano sigwira pa yomatuka. Kenako ankanyowetsa mwalawo, kusungunula njereza mu ndowa mpaka ikhale yamadzimadzi ngati mkaka, kuthiramo mchere dzanja limodzi, n'kumapaka ndi burashi ya khonje imene anamanga okha. Ulendo woyamba ndinakhumudwa. Munthu wapaka mwala wonse, koma mwala uli bii, wangonyowa basi.

"Kodi simunachepetse, achimwene? Palibe chikuoneka apa."

"Ndi mmene imakhalira. Yaiwisi sioneka. Dikirani dzuwa ligwirepo."

Tinakhala pansi pa mtengo kudya nthochi, ndipo pamene ndinkadzutsa mutu miyala inali itayamba kuyera yokha, kuyambira m'mphepete kulowera pakati, popanda woikhudza. Burashiyo sanandigwiritsepo ngakhale kamodzi. Ntchito yanga inali kutunga madzi pa mpopi ndi kulongolola, ndipo ndinkalongololadi.

"Bwanji osangogula penti ya mafuta, mupake kamodzi muiwale?"

"Ndiye mwanena nokha, achemwali. Ndipake kamodzi ndiiwale." Anapukuta manja pa chisaka. "Njereza imatha ndi mvula, ndiye imafuna munthu abwerenso. Mukadzapeza pano pada, mudzadziwe kuti nanenso ndapita."

Mumtima ndinati anthu a ku Balaka ndi ouma mutu. Kunena zoona ndinkamuchitira kansanje Lenah. Ine ndinali wamoyo, wa ntchito yabwino ndi galimoto, koma mumzinda wonsewo munalibe amene akanakwera basi mpaka ku Athi River chifukwa cha ine.

Mu Epulo 1985, tsiku lina nditangoweruka, ndinamva kugogoda pachitseko. Anali a Matewere, munthu amene zaka zonsezo anali asanapondepo pakhonde panga. Mpando anaukana.

"Deliwe akubwera," anatero. "Mng'ono wake wa Lenah."

Deliweyo anali namwino ku Zomba. Anamutumiza ku India ku maphunziro, ndipo ali kumeneko, kopanda womvetsera, anaimba foni ku ofesi kwa alamu ake. Pobwerera kumudzi Lachinayi lotsatira ankadzasintha ndege mu Nairobi, kufika m'mawa n'kunyamuka masana. Amayi ake anamutuma kuti asakafike pakhomo asanaone pamene anagona mkulu wake. Kujambula sakanajambula, kutenga kanthu kochokera kwa a Matewere sakanatenga, poti pa bwalo la ndege kwathu ankapisa m'zikwama mpaka m'masokosi. Chimene akanapita nacho ndi zimene maso ake aona basi.

"Ine ku bwalo la ndege sindingafikeko, kumakhala maso ambiri. Mukamutenge ndinu, achemwali. Mudzandipeza kumanda."

Njereza ya Seputembala inali ikadalipo. Inali itazilala, m'munsi matope atathovukira, koma aliyense akanaona kuti pamenepa pamafika mwini. Ndinawauza kuti angotsuka matopewo n'kusiya choncho.

"Mlendo sitimulandira ndi njereza ya chaka chatha," anatero.

Apa ndi pamene panalakwika. Mvula inali itapumira masiku angapo, kumwamba kuli ngwee, ndipo kwathu ikatero mu Epulo ndiye kuti yatsazika, anthu ayambe kuganiza zokolola. Koma ku Nairobi Epulo ndiye mwini mvula. Munthu anakhala mumzindawo zaka zoposa khumi, ambulera anali nayo, koma mutu wake unkayendabe ndi nyengo za ku Balaka. Loweruka anapala miyala yonse mpaka kuyera konse kunatha, napaka yatsopano. Asanatsuke n'komwe burashi kunachita mdima kuchokera ku mapiri a Ngong, chimvula n'kukhuthuka, madzi oyera akuyenderera m'kanjira.

Lamulungu anapakanso, mvula inatsukanso. Lolemba anapempha kuweruka msanga, anakwera matatu, minibasi za kumeneko, ndowa ili pamiyendo, anapaka n'kufunditsa pepala la pulasitiki. Pansi pa pulasitiki njereza sinaume, ndipo mphepo itaulutsa pepalalo mvula inamaliza ntchito yake. Mumgolo munayamba kuoneka pansi. Ine zinandikwana. Ndinapita kukagula chitini cha penti yoyera n'kukachiika pakhonde pawo.

"Deliwe akubwera kudzaona kuyera," ndinawauza. "Sakubwera kudzamva mbiri ya ng'anjo za bambo anu ayi. Mayi wokalamba akudikira ku Zomba, inu muli pano kulimbana ndi mitambo!"

Anachiyang'ana chitinicho nthawi yaitali, mpaka ndinaganiza kuti ndapambana. Anachinyamula, nawerenga zolembedwa pambali pake monga mwa ntchito yawo, kenako anandibwezera ndi manja awiri.

"Zikomo, achemwali. Koma ndikapaka iyi, Deliwe akanena kuti Fraser anathamangira kusitolo atamva kuti kukubwera mlendo. Ndipo adzakhala akunena zoona."

Ndinalanda chitini changa n'kukamenyetsa chitseko cha kwanga. M'mawa mwake sitinapatsane moni.

Lachinayi kunacha ndi mvumbi. Ndikutuluka ndinaona mgolo uli chivundukulire, atakokota mpaka pansi, eni ake atapita kale. Ku bwalo la ndege Deliwe sanandivute kumuzindikira. Nkhope yake inali ya pa chithunzi cha pabalaza chija, kungoti iyi inali yonenepa ndi yovala magalasi. Ankangocheukacheuka. M'galimoto anakhala atakumbatira chikwama, ndipo titayenda mtunda wautali anafunsa akuyang'ana kutsogolo.

"Ndinu akazi awo atsopano?"

"Ayi, ndine neba chabe."

"Oho."

Oho ameneyo anandiwawa.

Tikufika pa geti la manda mvula inali itangokata. Deliwe anatulutsa chitenje chakuda m'chikwama n'kumanga pamwamba pa diresi, monga timachitira kumaliro. Dothi la kumeneko ndi makande, nsapato zinkalemera tikamayenda. Tinadutsa manda a anthu olemera, a matailosi ndi penti yonyezimira, amene mvula inangowasambitsa kuti awale bwino. Ndinkalakalaka nditamutseka m'maso.

A Matewere anali ataima kumutu kwa mtumbira, atavala suti yawo ya kutchalitchi ndi tayi, zonse zitanyowa, burashi ili m'manja. Anali atangomaliza kupaka. Miyala inali bii, yamathothomathotho, ndipo m'munsi mwake munali timadzi totuwa tosakanikirana ndi matope. Pa manda onse a mzere umenewo, a Lenah ndi amene ankaoneka otayidwa kwambiri.

"Alamu," anatero a Matewere, navula chipewa. "Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino, alamu." Deliwe anapereka nsonga za zala, maso ali pa miyala. "Ndi pamenepa?"

"Ndi pamenepa."

"Zaka zonsezi, ndi pamenepa?"

"Ndapaka njereza m'mawa uno. Mvula yandivuta sabata yonse. Ikauma iyera, alamu."

"Ndiye ndikawauze amayi kuti ikauma iyera?"

Ine ndinayamba kufotokoza m'malo mwa a Matewere, koma Deliwe sankandimva. Anagwada m'matopemo, mawondo atatsamira miyala ya m'mbali, anakumbatira mwala wa kumutu uja n'kuyamba kulira maliro enieni a kwathu, amene dothi la kumeneko linali lisanawamvepo.

"Achemwali anga ine, mwagona kutali bwanji!"

Anamuuza mkulu wake zonse za kumudzi, kuti bambo anatsogola, kuti mtengo wa mango wa pakhomo uja unagwa ndi mphepo, kuti amayi anachita khungu ndipo tsiku lililonse amafunsa ngati kwabwera munthu wochokera ku Kenya. Okumba manda anaima patali atatsamira mafosholo. Inenso ndinalira, ndipo sindikudziwa ngati ndinkalirira Lenah amene sindinamuonepo, kapena amayi anga a ku Mulanje, kapena ndinkadzilirira ndekha.

Nthawi sinali yathu. Ndinamugwira Deliwe paphewa, anadzuka, napukuta manja pa chitenje. Anatsazika mlamu wake osamuyang'ana kumaso.

"Tsalani bwino, alamu."

"Mukapereke moni kwa amayi," anatero a Matewere, koma mawuwo anatuluka ang'onoang'ono, ndipo Deliwe anali atatembenuka kale. Nditacheuka pa geti ndinawaona atazondotsa ndowa n'kukhalapo, okhaokha pakati pa mitanda.

M'galimoto sindinathe kudzigwira. Ndinamuuza Deliwe za mgolo, za basi ya ku Athi River, za Seputembala aliyense, za sabata yonse ya mvula, ngakhale za chitini changa cha penti. Ndinalankhula mokalipa, poti ine ndikamva chisoni ndimakalipa.

"Mayi, mwina zonsezo n'zoona," anatero. "Koma amayi akandifunsa zimene ndaona ine, osati zimene ndamva kwa neba. Ndaona matope. Kunama sindingawanamize, ndipo zoonazo zikawapha."

Hita ija inkangopemerera moto kumiyendo, mawindo atachita nthunzi, ndipo pa Mombasa Road tinaima nthawi yaitali kumbuyo kwa lole imene inafera m'madzi. Tili pomwepo mitambo inang'ambika, dzuwa n'kutuluka, lowala ngati silinachokepo. Ndinalifunsa mumtima kuti unali kuti m'mawa monsemu, iwe.

Pamalo oimika magalimoto ku bwalo la ndege Deliwe anatsika n'kumasula chitenje kuti apinde. Anachikutumula kamodzi, n'kuima.

Chitenje chakuda chija chinali chitayera. Pamene panali mawondo panali zigamba ziwiri zoyera mbee, m'mbali munali mzere wa mwala umene anatsamira, ndipo pamwamba pake panali manja ake awiri, zala zonse zikuoneka, pamene anapukutira. M'mikono mwake namonso, mpaka pa tsaya, munali mbuu. Anayamba kusasa ndi dzanja monga angachitire munthu aliyense waukhondo, kaufa koyera n'kumagwa, kenako dzanjalo linaima m'malere. Anapaka chala pa chigamba chimodzi, nayang'ana chalacho, nachinunkhiza.

"Ndiye yauma," anatero chapansipansi.

"Yauma."

"Pa miyala ponse paja pali chonchi?"

"Ponse. Chaka ndi chaka."

Anthu ankatidutsa ndi masutikesi awo. Kenako anachipinda chitenjecho mosamala, koyera kukhala mkati, nachiika pansi penipeni pa chikwama.

"Ichi sindichapa. Pa bwalo kwathu akachiona angoti ndi chitenje chofuna sopo. Amayi saona, koma manja ali nawo. Akachigwira, ufawu ukawatsalira m'zala." Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Mukawauze alamu kuti... Mukangowauza kuti ndanyamula."

Ndinakathamangitsa kagalimoto kaja kuposa mmene kanathamangirapo. Ndili pa geti la manda ndinapaona pa Lenah, poyera mbee pakati pa dothi lakuda, kuposa matailosi onse aja. A Matewere anali pa ndowa pomwe paja, suti ikufuka nthunzi padzuwa. Sanatembenuke.

"Taonani mmene yayerera, achemwali," anatero. "Sinayerepo chonchi. Koma wapita."

Ndinakhala pansi pambali pawo, m'matope momwemo ndi siketi yanga ya ku ofesi, ndipo ndinawauza zonse, za mawondo, za zala, za kupinda koyera kukhala mkati. Anamvetsera osandidula. Anandipempha kuti ndibwereze mawu otsiriza aja, ndinabwereza. Anadzuka napita ku mwala wa kumutu, ndipo m'pamene tonse tinaona kuti pakati pa kuyera konseko panali malo awiri otuwa, pamene mikono ya Deliwe inachotsa njereza. Burashi inali ikadali yonyowa, ndinaganiza kuti akonzapo, koma sanatero. Anaika manja awo pamalo pomwepo, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni ndinawaona akulira, mapewa akugwedezeka, popanda mawu.

Cha ku Ngong kunali kutayambanso kuda. Mphepo yozizira inadutsa m'mitanda, madontho oyamba n'kuyamba kugwa pa miyala, ndipo paliponse pamene dontho lagwa pankada. Ndinadzambatuka kufunafuna pepala la pulasitiki lija, ndinalipeza litakodwa pa mtanda wa munthu wina, n'kubwera nalo chothamanga.

"Gwirani uko, achimwene, tifunditse msanga!"

A Matewere anapukusa mutu, natola ndowa ndi burashi yawo.

"Isiyeni igwe, achemwali," anatero. "Ya apongozi yapita kale. Inayi ndidzapakanso mu Seputembala."